Manambala a mazinga a bawuti pa pulani: tiziwawerenga bwanji?

Kuno ku Nkhotakota tikamva M5 timaganiza za msewu wa m'mbali mwa nyanja wochokera ku Salima. Koma wophunzira Technical Drawing akaona M5 pa kamzere kolozera pabowo, adziwe kuti akuuzidwa za kabawuti konenepa mamilimita 5. Wojambula pulani ya makina sataya nthawi kujambula zinga lililonse. Amalemba mzere wonenepa ndi wina woonda pambali pake, kenako nkhani yonse amayiika m'zilembo ndi manambala ochepa.

Tiyeni titenge M10 × 1.25 – 6g. Chilembo M chikutiuza kuti mazingawo ndi oyezedwa m'mamilimita, motsatira malamulo a bungwe la ISO. Nambala 10 ndi kunenepa kwa bawuti tikayeza pamwamba pa mazinga. Nambala 1.25 ndi mtunda wochokera pa zinga limodzi kufika pa linzake. Pomwe 6g ikunena za kuthina kololedwa: chilembo chaching'ono ndi cha bawuti, chachikulu, monga 6H, ndi cha nati kapena bowo. Dongosolo lake ndi limenelo, sitisinthanitsa.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa. Pulani ikangoti M10 osawonjezera kanthu, sikuti wojambula wayiwala ayi. Akutanthauza mazinga wamba otalikirana, omwe pa M10 ndi 1.5, pa M8 ndi 1.25. Mazinga othithikana ndiye ayenera kulembedwa nthawi zonse. Tsono makina ambiri a ku Japan, monga magalimoto ndi njinga zamoto, amakonda M10 × 1.25. Munthu akakagula M10 wamba ku hadiweya, bawutiyo imalowa bwinobwino kamodzi kapena kawiri, kenako nkulimba. Iye nkuganiza kuti ndi dzimbiri, nkuwonjezera mphamvu. Ngati bowolo lili mu aluminiyamu, monga pa injini za maboti zomwe timaziona m'madoko mwathu, mazinga amatheratu pomwepo. Boti likhala pamtunda masiku angapo usipa ukuphedwa ndi ena, chifukwa cha kusiyana kosakwana theka la milimita.

Chizolowezi chathu chotchula bawuti ndi nambala ya sipanala chimasokonezanso. Timati “ndipatseni bawuti ya 13”, koma 13 ndi mutu chabe. Bawuti ya M8 ya ku Ulaya imafuna sipanala ya 13, pomwe M8 ya ku Japan kawirikawiri imafuna ya 12, chonsecho mazinga ake ndi amodzi. Ife tikuona kuti wophunzira aliyense azolowere kutchula mazinga, chifukwa pulani siyilankhula za sipanala.

Kumapeto kukalembedwa LH, ndiye kuti mazingawo ndi amanzere, amamangidwa mozondoka. Akabaza amazidziwa izi ngakhale sanaonepo pulani: pedulo ya kumanzere imamasuka potembenuzira kumene inzake imamangira. Bowo likakhala losatulukira, wojambula amalembanso kuya kwa mazinga padera ndi kuya kwa bowolo, popeza chodulira mazinga sichifika pansi penipeni.

Palinso mazinga a mainchi, omwe tidawalandira kwa Angerezi. Joseph Whitworth ndiye adakonza muyezo wake mu 1841, ndipo zinga lake limapendekeka madigiri 55, pomwe la M ndi madigiri 60, nchifukwa chake awiriwa sagwirana ngakhale aoneke ofanana. Aku America amalemba 1/2-13 UNC, kutanthauza theka la inchi kunenepa ndi mazinga 13 pa inchi imodzi. Onani kusiyana kwake: pa M timayeza mtunda wa pakati pa mazinga, pa inchi timawerenga kuchuluka kwa mazingawo.

Mipopi ya madzi ndiyo idakakamirabe kwa Whitworth. Pulani ikati G 1/2, musayembekeze mamilimita 12 kapena 13. Mukaika choyezera pa mazinga a mpopi wa theka la inchi mupeza pafupifupi mamilimita 21, chifukwa dzinalo lidachokera ku kukula kwa m'kati mwa paipi yachitsulo yakale.