Laputopu itakana kuyaka, mayeso atatsala milungu iwiri

"Achimwene, kompyuta yafa."

Anali mphwanga, m'mawa wa Loweruka, atanyamula laputopu yanga yakale ngati mwana wodwala. Anali Folomu 4, mayeso a MSCE atatsala milungu iwiri, ndipo manotsi ake onse a Biology anali m'menemo. Pa sikirini panali mdima ndi malemba achingerezi okhaokha: "You are in emergency mode."

Mtima unagunda, sindinama. Koma kompyuta yakufa siilemba kanthu. Imeneyi inali ikufotokoza vuto lake, kungoti m'chilankhulo chake.

Kuti mumve zomwe inkanena, muyenera kudziwa zomwe zimachitika mukadina batani loyatsira. Poyamba pamadzuka kapulogalamu kokhala mkati mwa makinawo, kotchedwa BIOS kapena UEFI, n'kuona ngati zida monga memory zilipo. Kenako kamaitana GRUB, amene amakweza kernel ya Linux, mtima wa dongosolo lonse. Kernel nayo imayambitsa pulogalamu yoyamba, yokhala ndi nambala 1, ndipo imeneyi ndiyo kapitao wodzutsa zina zonse: disiki, netiweki, sikirini yolowera ija.

Kale kapitaoyu ankayendetsa timasikiripiti ta mu /etc/init.d kamodzikamodzi, kena kakatha kena n'kuyamba. Masiku ano makompyuta ambiri a Linux amagwiritsa ntchito systemd, yomwe inatuluka mu 2010 ndipo Ubuntu anaitenga mu 2015. Iyo imayambitsa zinthu zambiri nthawi imodzi, koma imadziwa kuti chakuti chimadalira chakuti. Apa ndiye pamene anthu amasokonezeka. Chinthu chimodzi chikalephera, zonse zochidalira zimalepheranso, ndipo sikirini imadzaza madandaulo. Taganizani za kukhitchini: nkhuni palibe, moto sunayake, madzi sanawire, nsima sinaphikidwe. Wobwera mochedwa amangofunsa za nsima, pomwe vuto lili pa nkhuni.

Ndiye ndinadina Enter, n'kulemba journalctl -xb. Lamuloli limaonetsa kaundula wa zonse zomwe zachitika kuyambira pamene kompyuta yayatsidwa. Mizere yake ndi yambirimbiri, musafooke nayo. Ine ndinkasaka wofiira woyamba basi. Cha kumunsi kunali "Dependency failed for Local File Systems", mawu oopsa zedi, moti mphwanga anafunsa kuti, "Ndiye kuti mafayilo apita?" Ayi, imeneyo inali nsima chabe. Pamwamba pake panali "Dependency failed for /mnt/zosunga", ndipo pamwamba penipeni, "Timed out waiting for device", motsatana ndi chinambala chachitali. Nkhuni zija n'zimenezo.

Wolakwa ndinali ine ndemwe. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinalemba disiki yanga yakunja mu fayilo ya /etc/fstab, mndandanda wa madisiki omwe kompyuta iyenera kulumikiza ikamayaka. Disiki iliyonse imalembedwa ndi nambala yakeyake, UUID. Dzulo lake ndinali nditabwereketsa disikiyo kwa mnzanga. Systemd inaidikira masekondi 90, monga imachitira ikapanda kuuzidwa zina, n'kuona kuti siikubwera. Poti fstab sinanene kuti disikiyo ingathe kusowa, inaimitsa zonse n'kuitana munthu. Nditalemba blkid, lamulo loonetsa madisiki omwe alipo, nambala ija panalibedi.

Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi kuphweka. Ndinatsegula fstab ndi nano, pa mzere wa disikiyo n'kuwonjezera mawu amodzi, nofail, kutanthauza kuti ikasowa, pitirirani. Kuika chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzerewo kukanathandizanso, chifukwa kompyuta imaulumpha mzere wotero.

Sikuti chofiira chilichonse ndi ngozi. Malaputopu ena amalemba madandaulo a ACPI tsiku lililonse koma amayaka bwinobwino. Mukafuna kuona mauthengawa, dinani Esc pamene chizindikiro cha Ubuntu chikuoneka, ndipo ikayaka, systemctl --failed idzakuuzani zomwe zalephera.

Chomwe chimandiopsa ine ndi changu. Munthu akaona emergency mode amathamangira kuikanso dongosolo lonse, kapena kukopera lamulo la pa intaneti lomwe sakulimvetsa. Lamulo ngati mkfs limakonza disiki mwatsopano, ndipo zomwe zinalimo zimatayika. Jambulani sikirini ndi foni kaye, ndipo ngati kompyutayo ndi ya kusukulu, kaitaneni aphunzitsi musanasinthe kalikonse mu fstab.

Nditalemba reboot, laputopu inayaka, manotsi onse ali m'malo mwake. Ndinamuuza mphwanga kuti, "Iwe, kabweretse fulashi yako tikopere zonse pompano." Anabwera nayo itadzaza nyimbo, moti tinayamba ndi kukangana za zoti tifufute.