Ng'oma Yolira Popanda Dzanja

Tonse tidziŵa kuti ng'oma silira yokha, imafuna dzanja. Koma lero tikambirana za anthu amene aimba nyimbo pamaso pa gulu osasuntha ngakhale chala, pogwiritsa ntchito makina olumikiza ubongo wa munthu ndi kompyuta. Ena akamva zimenezi amati makinawo amaŵerenga maganizo. Si choncho ayi, ndipo kuti timvetse bwino, tiyambe ndi ubongo weniweniwo.

Ubongo umagwira ntchito ndi timphamvu ta magetsi. Dokotala wa ku Germany, Hans Berger, ndiye anayamba kujambula timphamvuti pa munthu m'chaka cha 1924. Timphamvuti n'tochepa zedi: tikatiyeza pakhungu la mutu, timachepa koposa ka 10,000 poyerekeza ndi mphamvu ya batire limodzi la tochi. Berger anapeza kuti munthu akatsinzina ndi kukhazika mtima pansi, timphamvuti timakwera ndi kutsika mwandondomeko, pafupifupi ka 10 pa sekondi imodzi. Kugunda kumeneku akatswiri amakutcha alpha. Munthuyo akangotsegula maso, kapena akayamba kuŵerengera samu mumtima, kugundako kumazilala.

M'chaka cha 1965, pa Brandeis University ku America, mpeki wa nyimbo Alvin Lucier anabweretsa kugunda kumeneku pamaso pa gulu m'nyimbo yake yotchedwa Music for Solo Performer. Anakhala pampando, timawaya titamamatizidwa kumutu kwake, ndipo makina anakuza mphamvu ya alpha ija. Khutu la munthu silimva mau ogunda ka 10 pa sekondi; limayamba kumva pakafika cha m'ma 20. Motero Lucier anagunditsa zokuzira mau pa ng'oma ndi pa zida zachitsulo, kuti zokuzirazo zikamanjenjemera, zidazo zizilira. Mnzake John Cage anamthandiza kuyendetsa makinawo.

Tsono taonani kuvuta kwake. Woimba aliyense amalimbikira kuti chida chake chimveke, koma Lucier anayenera kudekha kotheratu, chikhalirecho maso a anthu onse ali pa iye. Mtima ukangoti phaa, ng'oma zonse zii! Ndiponso iye sakanatha kusankha nyimbo yoti ilire. Mphamvu yake inali yoyambitsa kulira kwa zidazo ndi kukuletsa basi.

Kusankha kunadza pambuyo pake. Mu 1973 Jacques Vidal, wa pa yunivesite ya California mumzinda wa Los Angeles, analemba za kuthekera kwakuti munthu alamule kompyuta ndi timphamvu ta ubongo wake. Imodzi mwa njira zimene zinapezeka m'zaka zotsatira ndi iyi. Mbali ya ubongo yoyang'anira kupenya ili kunkhongo. Munthu akayang'anitsitsa kanyali kophethira, timphamvu ta mbali imeneyo timatsatira liŵiro la kuphethirako. Tsono mukaika tinyali tinayi, kalikonse kophethira paliŵiro lakelake, kompyuta ingathe kuzindikira kanyali kamene munthuyo akuyang'ana. Apa makina saŵerenga nyimbo ili mumtima ayi, amangozindikira kumene munthu waloza ndi maso.

Njira imeneyi ndiyo anagwiritsa ntchito Eduardo Reck Miranda, mpeki wa nyimbo wa ku Brazil, pamodzi ndi anzake a pa yunivesite ya Plymouth ku England. Mu 2015, pachipatala cha Royal Hospital for Neuro-disability mumzinda wa London, odwala anayi ofa ziŵalo anaimba nyimbo yake yotchedwa Activating Memory. Anaimba pamodzi ndi akatswiri anayi a zida zazingwe za mtundu wa vayolini, zimene amaziliza mokwecha monga momwe alizira kaligo. Wodwala aliyense anali ndi katswiri wake. Patsogolo pake panali tizigawo tinayi ta nyimbo, kalikonse ndi kanyali kake. Wodwala akayang'anitsitsa kanyali kamodzi, kompyuta inkasonyeza kachigawo kosankhidwako kwa katswiri uja, ndipo iye ankakaimba nthaŵi yomweyo. Manja anali a wina, koma mwini kusankha anali wodwalayo.

Zovuta zilipo ndithu. Kuphethira kwa maso, kukukuta mano ngakhale kugwedeza mutu, zonsezi zimatulutsa magetsi oposa a ubongo, ndipo zimasokoneza makina. Kompyuta imafunanso kanthaŵi kuti itsimikize chimene munthu wasankha, pamene dzanja la wang'oma limagunda kangapo pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake odwala aja ankasankha tizigawo tathunthu, osati liu limodzilimodzi. Maso nawo amatopa ndi kuphethira kwa tinyali.

Nanga phindu lake n'lotani ngati makinawo ali ochedwa chotere? Kwa munthu wa manja abwino, chala chiposa makina ameneŵa kutalitali. Koma alipo anthu amene matenda a sitiroko kapena ngozi yapamseu inaŵapha ziŵalo, ena mpaka kuŵatseka pakamwa, nzeru zawo zili bwinobwino. Anthu otere amasanduka ongolandira: amadyetsedwa, amasambitsidwa, amaimbiridwa. Tsiku lija ku London anthu anayi otere ndiwo ankatsogolera, akatswiri nkumatsatira. Nyimbo ndi ntchito yochitira pamodzi, wina kutsogola, ena kuvomera, ndipo makinaŵa anabwezera odwalawo malo awo pagulupo.

Choncho mukakhala pafupi ndi mbale wanu amene thupi lake linaleka kumvera, musafulumire kuganiza kuti alibe chonena. Mufunseni nyimbo imene akufuna, mumpatse mpata wakuyankha, kungakhale ndi maso okha.