Ntchito za Mthandizi ndi Chiwerengero cha Ozigwira: Mmene Zimaonekera ku Uraha

Akuluakulu a boma akamapereka lipoti la ntchito za mthandizi, kawirikawiri amayamba ndi chiwerengero: chaka chino mabanja akutiakuti apindula. Chiwerengerocho chikakwera, amati boma lafikira anthu ambiri. Chikatsika, pamapezeka ena onena kuti anthu ayamba kudzidalira. Mu nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti kuno ku Malawi kukwera kapena kutsika kwa chiwerengero chimenechi sikutiuza zambiri za umphawi weniweni. Kumatiuza za kukula kwa thumba la ndalama limene lidalipo chaka chimenecho. Zitsanzo zanga ndazitenga m'mbiri ya ntchitozi m'dziko lonse komanso kwathu ku Uraha, kufupi ndi Chilumba, kumwera kwa boma la Karonga.

Ntchito za mthandizi monga tikuzidziwira lero zidayamba ndi bungwe la MASAF, lomwe boma la a Bakili Muluzi lidakhazikitsa mu 1995 ndi ndalama zochokera ku World Bank. Ambiri amakumbukira MASAF chifukwa cha midadada ya sukulu, mijigo ndi milatho, koma mbali ina ya ntchito yake idali yolemba anthu osauka kuti alambule misewu ya m'midzi, akumbe madamu ndi kubzala mitengo, kenako alandire ndalama. Ganizo lake lidali losavuta kumva. Malipiro akakhala ochepa, munthu wopezako bwino sangadzivute kukagwira khasu pamsewu, ndipo adzabwera ndi yekhayo amene wasowadi pogwira. Motero ntchitoyo imadzisankhira yokha anthu oyenera. Ganizoli limayenda bwino m'dziko limene osauka ndi ochepa. Kuno kwathu, kumene theka la anthu ndi losauka, ngakhale malipiro atachepa motani obwera amachuluka kuposa malo.

Kuchokera nthawi imeneyo dzina ndi oyendetsa zakhala zikusintha. Padabwera MASAF yachiwiri, yachitatu, kenako yachinayi mu 2014. Udindo udachoka ku MASAF kupita ku Local Development Fund, ndipo pambuyo pake ku National Local Government Finance Committee ndi makhonsolo. M'zaka zaposachedwapa ntchitozi zakhala zikudziwika ndi dzina loti M'bwezera Chilengedwe, popeza zimatsamira pa kuteteza nthaka ndi madzi. Koma kumudzi anthu ambiri amangoti "za MASAF" kapena "mthandizi", ngakhale ana amene adabadwa bungwelo litasintha kale dzina.

Kusintha kwakukulu kwa chiwerengero kudachitika mu 2012. M'mwezi wa May chaka chimenecho, boma la mayi Joyce Banda lidachepetsa mphamvu ya kwacha, kotero dola imodzi yomwe inkagulidwa pafupifupi K167 idafika pa K250. Mitengo ya zinthu idakwera nthawi yomweyo. Pofuna kupepetsa ululuwo, boma ndi othandiza adachulukitsa kawiri ntchito za mthandizi mpaka zidafika pa mabanja pafupifupi 500,000 pa chaka. Masiku ogwira ntchito adawonjezedwa kuchoka pa 12 kufika pa 48, ndipo malipiro adali K300 pa tsiku. Munthu wongoyang'ana chiwerengerochi angaganize kuti osauka adachuluka kawiri m'chaka chimodzi. Sizidali choncho ayi. Osaukawo adalipo kale, chatsopano chidali ndalama zowalembera.

Tikayerekeza ndi kafukufuku wa ofesi yoona za chiwerengero cha anthu ya National Statistical Office ku Zomba, nkhaniyi imaonekera poyera. Mu 2004/05 anthu osauka adali 52.4 pa 100 alionse. Mu 2010/11 adali 50.7, mu 2016/17 adali 51.5, ndipo mu 2019/20 adalinso 50.7. Kwa zaka khumi ndi zisanu umphawi udangoima pamalo amodzi ngati mwala. Koma m'zaka zomwezo chiwerengero cha ogwira ntchito za mthandizi chidakwera ndi kutsika motsatira kuyamba ndi kutha kwa mapulojekiti. MASAF yachinayi itatha, madera ambiri adakhala nyengo yaitali popanda ntchito, chifukwa ndondomeko yatsopano idayamba yayesedwa m'maboma owerengeka isanafalikire dziko lonse. Pa nyengo imeneyo mayina adachoka m'mabuku, koma mabanja ake adali akadali m'mavuto omwewo.

Pali mfundo inanso imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse. Ndondomeko ya M'bwezera Chilengedwe itafalikira m'maboma onse 28, mabanja olembedwa adali pafupifupi theka la miliyoni, chimodzimodzi ndi mu 2012. Pamenepo anthu m'dziko muno adali 13 miliyoni pa kalembera wa 2008, adafika 17.5 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndipo lero adutsa 20 miliyoni. Chiwerengero chikamaima pamene anthu akuchuluka, ndiye kuti gawo la ofikiridwa likuchepa mwakachetechete. Kalembera wa 2018 adapeza mabanja pafupifupi 4 miliyoni. Theka la miliyoni ndi banja limodzi pa mabanja asanu ndi atatu alionse, m'dziko limene munthu mmodzi pa awiri ndi wosauka ndipo mmodzi pa asanu ndi wosaukitsitsa.

Apa nkoyenera kutchula mtukula pakhomo, chifukwa anthu amasokoneza ndondomeko ziwirizi. Mtukula pakhomo udayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo udafika m'maboma onse pofika 2018. Umapereka ndalama popanda kugwira ntchito kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu, monga a nkhalamba, a anthu olumala kapena odwala nthawi yaitali, ndi amene akuyendetsedwa ndi ana. Kwa zaka zambiri malire ake adali mabanja 10 pa 100 alionse m'boma lililonse. Mthandizi udasiyidwira osauka amene ali ndi mphamvu zogwira khasu. Papepala mzere wogawa magulu awiriwa ndi wooneka bwino. Pamudzi si choncho. Mayi wamasiye wazaka makumi asanu amene akulera zidzukulu zinayi amaonedwa kuti ndi wamphamvu kwambiri moti sangalowe mtukula pakhomo, koma akapita kukakumba migula dzuwa la ku Karonga lili pamutu, mphamvu zakezo sizimufikitsa kutali. Ndipo popeza malire a khumi pa zana adali ofanana paliponse, sankayang'ana kuti boma ili lili ndi osauka ochuluka kuposa linzake.

Tsopano tibwere ku Uraha. Dzina la mudzi wathu limadziwika kunja chifukwa cha chibwano cha munthu wamakedzana chotchedwa UR 501, chomwe gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza mu 1991, ndipo akatswiri amati chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Chibwanocho chidaonekera chifukwa madzi a mvula amakokolola nthaka ya m'mapiri athu ndi kusiya zigwembe zikuluzikulu. Nzoseketsa pang'ono kuti kukokoloka komwe kudatipatsa mbiri pa dziko lonse ndi komwenso ntchito za mthandizi zimalimbana nako lero, pobzala udzu wa vetiva, kuunjika miyala m'zigwembe ndi kusamalira nazale za mitengo. Ntchito zoterezi nzofunikadi kwathu, ndipo sindikuzinyoza. Munda umene uli m'munsi mwa chigwembe chotsekedwa umasunga chinyontho kuposa kale.

Chovuta chili pa kalembedwe ka mayina. Boma la Karonga, lomwe lidali ndi anthu oposa 365,000 mu 2018, limapatsidwa chiwerengero chake kuchokera ku likulu. Khonsolo imachigawa m'madera, ndipo chikamafika pamudzi chimakhala chitachepa kwambiri. Anyakwawa ndi komiti ya chitukuko amapezeka ali ndi malo ochepa pamaso pa khamu la anthu amene onse akudziwana, onse adakolola zochepa, ndipo ambiri ndi pachibale. Kale mayina ankasankhidwa pamsonkhano wa mudzi. Kenako boma lidayambitsa kaundula mmodzi wa mabanja, woti aziyika mabanja pa mndandanda malinga ndi kusauka kwawo, n'cholinga chochepetsa kukondera. Kaundulayo adathandiza mbali ina, koma sadawonjezere malo ngakhale amodzi. Ndiponso kaundula amakalamba. Banja limene lidali ndi bwato ndi maukonde pa tsiku la kalembera likhoza kukhala lopanda kanthu patatha zaka ziwiri, bambo atamwalira kapena usipa utasowa.

Anthu akumudzi adapeza njira yawo yothana ndi kuchepa kwa maloku, ndipo njirayo imasokonezanso chiwerengero. Ndaonapo mabanja awiri akugawana dzina limodzi: wolembedwa amagwira sabata ino, mnzake sabata yamawa, ndipo ndalama zikabwera amagawana. Ndaonaponso mudzi ukugwirizana kuti amene adalowa ulendo watha apumule kuti ena alaweko. M'buku la kapitawo muli dzina limodzi, koma pakamwa podya ndi pambiri. Wina akhoza kunena kuti kumeneku ndi kuphwanya malamulo. Ine ndimaona kuti ndi nzeru ya anthu amene adzakhalabe pamodzi, kuikirana maliro ndi kubwerekana mchere, pulojekiti itatha kalekale. Koma zotsatira zake nzoti ndalama yomwe idali yochepa kale imafika pabanja itang'ambidwa pakati.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Ndondomeko ya 2012 idakonzedwa kuti gawo loyamba la ntchito lichitike mvula ikamayandikira, kuti anthu apeze ndalama zogulira feteleza wa makuponi, yemwe panthawiyo thumba lake linkagulidwa K500. Ganizo limeneli lidapangidwira mlimi wa chimanga. Kwathu kunyanja anthu amadalira kwambiri chinangwa, mpunga ndi usodzi. Nthawi yowokera mpunga m'madambo ndi ku sikimu ya Hara, ganyu amapezeka ndipo malipiro ake amaperekedwa tsiku lomwelo. Mthandizi umalipira ntchito ikatha, ndipo madandaulo a kuchedwa kwa malipiro akhala akumveka m'maboma ambiri. Tsono mnyamata wamphamvu akasiya mthandizi n'kupita kukaoka mpunga wa munthu wina, m'buku amaoneka ngati wasiya kufuna thandizo, chikhalirecho wangosankha ndalama yofika msanga.

Kodi nanga amene adalowa adapindula motani? Akatswiri atatu, Kathleen Beegle, Emanuela Galasso ndi Jessica Goldberg, adafufuza ndondomeko ya 2012/13 poyerekeza mabanja amene adapatsidwa mwayi wa ntchito ndi amene sadapatsidwe. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 2017, zidadabwitsa ambiri: sadapeze umboni woti mabanja ogwira ntchitowo adadya bwino kuposa anzawo, kapena kuti adathira feteleza wochuluka. Masiku 12 pa K300 ndi K3,600, ndipo wogwira masiku onse 48 ankapeza K14,400 pa chaka. Chaka chimene chiwerengero chidakwera kwambiri ndi chomwe kafukufuku adalephera kuona kusintha m'mbale ya nsima. Malipiro akhala akukwezedwa kuchokera pamenepo, koma kwacha idagwanso ndi 25 pa 100 mu May 2022 ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo kukweza kulikonse kumabwera mitengo itathamanga kale.

Kunja nkhani ya chiwerengero imatanthauza zina. Ku United States, lamulo lomwe Bill Clinton adasayina mu 1996 lidalamula kuti olandira thandizo la boma azigwira ntchito ndipo lidaika malire a zaka zolandirira. M'zaka zochepa mabanja olandira adatsika ndi kuposa theka, ndipo akatswiri akhala akutsutsana ngati anthuwo adapezadi ntchito kapena adangotsekeredwa kunja. Ku India, lamulo la 2005 lidalonjeza banja lililonse lakumudzi masiku 100 a ntchito pa chaka ngati lapempha. Pa ndondomeko yotereyi chiwerengero chimatha kukhala ngati chopimira, chifukwa chimakwera anthu akavutika, monga zidachitikira mu 2020 pa mliri wa Covid-19. Kwathu kuno palibe lamulo lopatsa munthu ufulu wopempha ntchitoyi. Malo amawerengedwa kaye, anthu n'kubwera pambuyo.

Monga wophunzira za zilankhulo, sindingathe kudutsa osayang'ana mawu amene timagwiritsa ntchito. Liwu loti mthandizi si lachilendo m'mbiri yathu. M'nthawi ya atsamunda linali dzina limene anthu ankatchulira bungwe lolemba amuna a ku Nyasaland kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Liwu loti thangata nalonso poyamba linkatanthauza kuthandizana, lisanasanduke dzina la ntchito yokakamiza ya m'maesiteti a ku Shire Highlands, imene idali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Sindikunena kuti mthandizi wa lero ndi thangata, pakuti palibe amene amakakamizidwa, ndipo anthu amachita kulimbirana malo. Ndikungoona kuti kawiri konse m'mbiri yathu liwu la thandizo lidamatidwa pa ntchito ya malipiro ochepa.

Liwu lina ndi loti opindula, lomwe malipoti ndi wayilesi zimakonda. Mneni woti kupindula amanena za zotsatira, kuti munthu wapeza phindu, koma chimene chawerengedwa ndi mayina olembedwa basi. Kwathu, m'Chitumbuka ngakhale m'Chichewa, anthu salankhula choncho. Amafunsana kuti "Kodi mwalembedwa?" kapena kunena kuti "Dzina langa silinatuluke." Mneni wake ndi wosonyeza kuchitiridwa, ndipo wochita ntchito yolembayo satchulidwa nkomwe. Mtolankhani akamva kuti mabanja akutiakuti apindula m'boma la Karonga, funso loyenera kufunsa a khonsolo ndi loti mabanja amene adali oyenera koma mayina awo sadatuluke adali angati, ndipo amene adatuluka adalandira zingati, mwezi uti.