MITU YA SITIMA ZAKALE IFUNA MANJA A ANTHU ODZIPEREKA

Anthu a ku Chipata anadikira njanji kwa zaka zoposa 100. Njanji inaoloka mtsinje wa Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls m'caka ca 1905, ndipo pofika 1906 inali italowa kale ku Kabwe, kumene masiku amenewo ankakucha Broken Hill. Koma kuno Kum'mawa, nchito yoyala njanji ya makilomita 27 okha kucokera ku Mchinji inayambika mu 1982, nkuima kwa nthawi yaitali, kufikira mu Ogasiti 2010 pamene Pulezidenti Rupiah Banda anaitsegulira pamodzi ndi mnzake Bingu wa Mutharika wa ku Malawi.

Cifukwa ca kucedwa kumeneku, nyengo yonse ya sitima zoyendera moto ndi madzi inatipita pambali. Mitu ya sitima imene yafikapo pa siteshoni ya Chipata ndi ya dizilo yokhayokha. Mwana wobadwira ku Chadiza, ku Katete kapena ku Lundazi sanaonepo mutu wa sitima ukufuka utsi wakuda ndi kupuma nthunzi ngati cinthu camoyo. Komatu makolo athu anaidziwa bwino mitu imeneyi. Amuna ambiri a cigawo cino anacoka m'midzi kukafuna ndalama za msonkho ku Kabwe, ku Livingstone, ku Hwange ndi ku Bulawayo, ndipo ena mwa iwo analembedwa nchito ya panjanji: kuyala zitsulo, kutapa malasha, kutsuka mainjini ndi kukonza zoonongeka m'mashedi.

KUMENE INAKAPUMULIRA

Pamene kampani ya Rhodesia Railways inagawidwa mu 1967, dziko lathu linakhazikitsa Zambia Railways ndi kuyamba kugula mitu ya dizilo. M'zaka za m'ma 1970 mitu ya malasha inalekedwa umodzi umodzi. Yambiri inadulidwa nkugulitsidwa monga zitsulo wamba. Yocepa imene inapulumuka ipezeka makamaka ku Livingstone, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale za njanji, imene inatsegulidwa mu 1987 ndipo iyang'aniridwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission.

Malo amenewa kale anali mashedi a kampani yoceka matabwa ya Zambezi Sawmills. Kampaniyi inkadula mtengo wolimba umene Alozi amaucha mukusi. Ciswe siciugwira msanga mtengowu, motero unkafunidwa kwambiri poyalapo njanji ndiponso poyala pansi m'nyumba. Pofuna kututa matabwa, kampaniyi inayala njanji yakeyake kucoka ku Livingstone kufika ku Mulobezi, mtunda woposa makilomita 160, ndi kupitirira kulowa m'nkhalango. Inkagula mitu yakale imene makampani ena anatopa nayo, ndipo m'malo mwa malasha inkasonkhezera zidutswa za matabwa omwewo. Ndico cifukwa cake mainjini amene kwina konse anali atataidwa kale anali akugwirabe nchito ku Mulobezi mpaka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970.

Nchito ya kampaniyi panjanji itafika kumapeto, kunabwera mzungu wina wa ku England, David Shepherd, katswiri wojambula zithunzi za njovu ndi za sitima. Iyeyu anaona kuti mainjini aja atha nkudulidwa. Mutu umodzi, nambala 993, umene unapangidwa ku Glasgow mu 1896, anautumiza ku England mu 1975 pamodzi ndi bogi imodzi ya anthu. Wina, nambala 156, wopangidwa mu 1922 ndi kampani ya North British, unatsala kuno, ndipo anaupereka ku dziko la Zambia. Patapita zaka, kampani ya Bushtracks inaukonza mutu umenewu kufikira unayendanso ndi moto wake, nuyamba kukoka sitima ya alendo yochedwa Royal Livingstone Express. Bambo Shepherd anamwalira mu 2017, ataona kuti cimene anapulumutsa cayendanso panjanji.

KUUKITSA INJINI SI MASEWERA

Kuti timvetse kukula kwa nchitoyi tiyenera kudziwa mmene mutu wa sitima yotere uyendera. Kumbuyo kuli ng'anjo ya moto. Kutsogolo kwa ng'anjoyo kuli mgolo waukulu wacitsulo wodzaza madzi, wochedwa boila, ndipo mkati mwake mudutsa mapaipi ambirimbiri otengera kutentha kwa moto. Madzi akawira, nthunzi yake isowa potulukira, ipanikizika, ndipo mphamvu imeneyo ndiyo ikankha mipini yacitsulo yozunguza magudumu. Mai aliyense amene anaona civundikiro cikudumpha pamphika wowira waiona kale mphamvu imeneyi.

Injini ikaima padzuwa ndi pamvula kwa zaka zambiri, adani ake ndi atatu. Woyamba ndi dzimbiri, limene limadya citsulo mwakacetecete kuyambira mkati. Waciwiri ndi akuba, amene amazula mipope ndi mapaipi amkuwa kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Wacitatu, amene aposa onsewa, ndi kutha kwa anthu odziwa. Kampani ya North British inatsekedwa mu 1962, cotero palibe sitolo imene munthu angapiteko kukagula cipangizo cosowa. Amisiri ayenera kuciyeza, kucijambula, ndi kucisula kapena kucisema pamakina ndi manja ao.

Okonza amayamba ndi kuphwasula injini yonse, kupala dzimbiri ndi kucotsa zokakamira zimene madzi amasiya mkati mwa boila. Mapaipi obooka amazulidwa nkuikamo atsopano. Asanakolezemo moto, amadzaza boila ndi madzi ozizira nkuwapopa mwamphamvu kuposa mmene nthunzi idzapanikizira, kuti ngati pali pofooka pangodontha madzi cabe, pakuti boila yophulika ndi nthunzi imapha anthu. Ngakhale pa tsiku la ulendo, moto umakolezedwa maola ambiri sitima isananyamuke, kuti citsulo citenthe pang'onopang'ono cingang'ambike. Wosonkheza moto ayenera kudziwa kumwaza malasha mofanana m'ng'anjo, ndipo woyendetsa ayenera kuzindikira ndi khutu lokha ngati injini yadwala. Nzeru zotere sizilembedwa zonse m'mabuku; munthu amaziphunzira poimirira pambali pa mnzake wamkulu.

DIMA LA PANJANJI

M'maiko ena nchito yotere igwiridwa ndi anthu osalandira malipiro. Mwambowu unayambira ku Wales, pa kanjanji kakang'ono ka Talyllyn. Mwini wake atamwalira mu 1950, njanjiyo inali pafupi kuzulidwa. Gulu la anthu okonda sitima, motsogozedwa ndi Tom Rolt, linaitenga mu 1951 nkumaiyendetsa lokha. Aphunzitsi, makalaliki ndi amisiri opuma pa nchito ankabwera pa masiku ao opumula kudzalambula njanji, kupaka utoto ndi kukonza mainjini. Iyi ndiyo inali njanji yoyamba pa dziko lonse kupulumutsidwa ndi anthu odzipereka, ndipo citsanzo cake cinafalikira m'maiko ambiri.

Kwa ife anthu akumidzi zimenezi si zacilendo ai. Tidziwa dima, pamene mudzi wonse upita kukalima munda wa munthu mmodzi. Tidziwa kuumba njerwa za sukulu ndi za cipatala popanda wotilipira. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Boma palokha, limene liyenera kugula mankhwala ndi feteleza, silingathe kulemba anthu okwanira kupala dzimbiri pa injini iriyonse imene iri pabwalo ku Livingstone.

Anansi athu naonso ali ndi colowa cotere. Ku Malawi, kumene njanji inafika ku Blantyre mu 1908, timainjini tiwiri takale tochedwa Thistle ndi Shamrock tinasungidwa, kena ku Limbe, kena ku nyumba ya zinthu zakale ya ku Chichiri. Ku Bulawayo, nyumba yosungira zinthu za njanji inatsegulidwa mu 1972, ndipo kumeneko kuli kainjini kochedwa Jack Tar, kamene kanali koyamba kuoloka mlatho wa Victoria Falls.

MBALI YATHU KUM'MAWA

Wina angafunse kuti, nanga ife a ku Chipata, amene tiri kutali ndi Livingstone mtunda woposa makilomita 1,000, citikhudza nciani? Yankho nlakuti zitsulo ziri ku Livingstone, koma mbiri yake ina iri m'midzi mwathu muno. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 pamene Zambia Railways inkayamba mu 1967, lero ali pafupi ndi zaka 80. Nkhalamba zotere zinabwerera kwao, ndipo zikhala pakhonde, adzukulu osadziwa nkomwe kuti manja a agogo ao anasonkhezapo moto wa sitima.

Cotero aphunzitsi angacite bwino kutenga ana a sukulu kukaceza ndi acikulire amenewa, ndi kulemba zonse zimene akumbukira: kumene anagwira nchito, mainjini amene anawasamala, ndi mau amene ankagwiritsa nchito m'mashedi. Mabanja amene ali ndi nyale za panjanji, zipewa, ziphaso za nchito kapena zithunzi asazitaye kudzala kapena kuzigulitsa kwa ogula zitsulo. Anyamata ndi atsikana amene aphunzira kuwocherera ndi kukonza makina pa Chipata Trades Training Institute adziwe kuti luso laolo ndi lomwe lifunika poukitsa injini yakufa, ndipo amene adzapeze mpata wofika ku Livingstone akadzionetse kwa oyang'anira malowo.

Mafumu ndi anyakwawa athandize pofufuza maina a anthu otere m'midzi mwao nyengo ino yacirimwe, pamene nchito ya kumunda yacepa. Injini yadzimbiri ingathe kudikira zaka zina khumi kuti ipeze woikonza, koma nkhalamba imene idziwa kuiyendetsa siingadikire cotero.