Dzanja logona chagada

Akakuchotsani chikhakha pamkono, kaya ndi ku chipatala cha Mtengowanthenga kaya kwina, mudzamva adokotala akuti, "Tatembenuzani dzanja." Chikhatho chikaloza kumwamba, ngati polandira mphatso kwa akuluakulu, iwo amati supination, chikaloza pansi amati pronation. Mawuwa anachokera ku Chilatini: supinus ndiye kugona chagada, pronus ndiye chafufumimba. Ine ndimaona kuti apa Chichewa chathu chikanakwanira bwinobwino.

Komatu chimene chimazungulira si dzanjalo ayi. Kuchokera pachigongono kutsika mmunsi muli mafupa awiri, radius ndi ulna. Mukazolika chikhatho, radius, fupa la mbali ya chala chachikulu, limapingasa linzakelo. Likathyoka n'kulumikizana mokhota, kupingasako kumakanika, ndipo ngakhale kupotokola kiyi pachitseko kumasanduka chintchito.