Za Kubwebweta ndi Mvula ya ku Khulubvi

Lero tiyambe taika khasu pansi, tikambeko za kubwebweta.

Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kuli kachisi wa Mbona. Kale mvula ikachedwa, mmera n'kumafota m'minda, Amang'anja ankadikira kuti mzimu wa Mbona ugwire munthu. Wogwidwayo ankanjenjemera thupi lonse, kudzigwetsa pansi, maso ali tong'o, nayamba kulankhula ndi liwu losakhala lake. Kumeneko ndiko kubwebweta. Tsono mumvetse apa: anthu sankati wanena ndi uje, ankati wanena ndi Mbona. Chotero munthu wamba ankatha kudzudzula ngakhale mafumu pamaso, kuti alekerera kachisi kugwa kapena aiwala nsembe, mafumuwo n'kungoti zyoli.

Ife alangizi nkhaniyi siitipita patali. M'zaka za m'ma 1950, boma la atsamunda litakakamiza alimi a m'chigwa cha Shire kuunda mitumbira, ambiri anakana, nati Mbona saifuna. Mlangizi ankafika ndi lamulo ndi chindapusa, pamene mawu ochokera ku kachisi ankayenda okha popanda msilikali wowaperekeza. Mkangano umenewo anautcha nkhondo ya mitumbira.