Mabuku a Zinthu Zenizeni Asamagone m'Kabati

Pa thumba la fetereza wa D Compound pamalembedwa manambala atatu: 10-20-10. Alimi kuno kum'mawa takhala tikuthira fetereza ameneyu zaka ndi zaka, koma ndi angati amene angafotokoze kuti manambalawo akuimira nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu? Mwana wa Giredi 6 angathe kufotokoza zimenezi, malinga wina atamupatsa buku lonena za nthaka ndi mbewu.

Mabuku otere m'masukulu ena a pulaimale alimo, koma sagwiridwa. Kawirikawiri laibulale ndi kabati imodzi mu ofesi ya ahedi, yokhoma poopa kuti ana angang'ambe mabuku. Ikatsegulidwa, ana amathamangira nthano za Kalulu ndi Fisi. Nthano si zoipa ai, ndi zimene zimakopa mwana kuti ayambe kuwerenga. Koma buku la mapu, la thupi la munthu ndi la tizilombo amatsala pansi, ndipo amene amawatsiriza ndi ciswe.

Aphunzitsi, yambirani pa funso la mwana, buku libwere pambuyo. Mbozi za fall armyworm zinalowa m'Zambia kumapeto kwa caka ca 2016, ndipo mwana aliyense wa kumudzi anazionapo m'cimanga. Mufunseni kuti zimacokera kuti. Akasowa yankho, mutumeni ku kabati akapeze yekha kuti ndi ana a gulugufe wouluka usiku, amene amaikira mazira ambirimbiri pa masamba. Madzulo mwanayo adzapita kudimba kukatembenuza masamba, kenaka adzaitana atate ake kuti adzaone. Cimodzimodzi ndi kolera, amene anacedwetsa kutsegulira masukulu mu Januwale 2024, kapena mtengo wa msangu, umene umayoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina ikuphuka.

Buku lotere sacita kuliyambira pa tsamba loyamba ngati nthano. Mwana aonetsedwe mndandanda wa mitu ndi zithunzi, awerenge masamba awiri okhudza funso lake, abweze. Zimenezi zimalimbitsa mtima ngakhale amene Cingelezi cimawavuta, pakuti ambiri mwa mabukuwa ndi a Cingelezi, a Cinyanja ndi ocepa.

Nanga ife makolo? Cicokereni 2002 pamene boma linacotsa fizi ku pulaimale, ena a ife tinasiyira boma zonse. Pa msonkhano wa PTA funsani kuti kabati imatsegulidwa tsiku liti, ndipo ana a giredi iti amaloledwa kubwereka. Akhristu a m'miphakati angasinthane kukhala ndi ana pa sukulu masana amodzi pa mlungu, kulemba maina a obwereka ndi kukutira mabuku ndi mapepala a matumba a simenti. Ngakhale agogo osatha kuwerenga ali ndi nchito: pokonola nshawa, afunse mdzukulu zimene buku lanena za cuku, iwonso amuuze mmene amaumitsira nshawa zao.